Nyumba yosanja muiweruze tsiku limene magetsi azima

Mwina mwaona mutu wa nkhaniyi n'kunena kuti lero tsamba lathu lasowa chokamba. Ku Tsangano ndi ku Macanga kulibe nyumba ya nsanjika 10, ndipo chinthu chachitali chimene mumaona mukamayandikira Furancungo kapena Ntengo-wa-Mbalame ndi nsanja ya foni za m'manja. Nanga mkangano wa anthu a ku Maputo, woti nyumba zosanja zomangidwa mwaluso ndi ziti pakati pa zakale ndi zatsopano, ukukukhudzani bwanji inu amene mutu wanu uli pa mtengo wa feteleza?

Ukukukhudzani kudzera mwa ana anu. Mwana amene munamugulitsira matumba a mbatatesi kuti akaphunzire ku Beira kapena ku Maputo, usiku uno agona m'kachipinda ka lendi pamwamba pa nyumba yotere, ndipo mawa m'mawa mwina atsika masitepe ndi chigubu kukasaka madzi. Ukukukhudzaninso chifukwa ndalama za fodya ndi za mbatatesi nazo zayamba kukwera m'mwamba. Pa misika yathu, amene wapeza bwino akumanga sitolo pansi, chogona pamwamba, zitsulo n'kuzisiya zitatulukira padenga podikira chaka china chabwino kuti awonjezere nsanjika. Kalembera wa 1997 anatipeza tili pafupifupi 16 miliyoni m'dziko muno, wa 2017 anatipeza tatsala pang'ono kukwana 28 miliyoni, koma nthaka ndi yomwe ija. Nyumba iliyonse yapansi imene ikumangidwa m'mphepete mwa Ulongué kapena Furancungo ikudya munda umene dzana unkabala chimanga. Tsiku lina munthu adzabwera ku msonkhano wa boma lanu ndi chithunzi cha nyumba yonyezimira, n'kunena kuti aphunzitsi ndi anamwino azikhala mmenemo. Tsikulo lidzakupezeni muli ndi mafunso anu m'thumba.

Mbali yanga ndiinena msanga. Pa luso la kamangidwe, nyumba zambiri zakale zikuposa zatsopano, ndipo zikuziposa patali. Ndikunena izi ndikudziwa bwino amene anazimanga, amene anawamangira, ndi amene ankaletsedwa kulowa pakhomo lakutsogolo.

Nyumba zimene tikuzitcha zakale zinamangidwa makamaka pakati pa 1950 ndi 1974, pamene Maputo ankatchedwa Lourenço Marques. Amene anajambula mapulani ake ankadziwa kuti makina oziziritsira m'nyumba ndi a anthu owerengeka, choncho ntchito yoziziritsa anaipereka kwa khoma lenilenilo. Mukadzapita ku Maputo, mudzaime pa Avenida 24 de Julho kapena pa Eduardo Mondlane n'kuyang'ana m'mwamba. Mudzaona kuti mazenera ambiri sali poyera. Abisala mkati mwa khonde lakuya, kapena kuseri kwa timapiko ta konkire timene timatchinga dzuwa lisanafike pa galasi. Mudzaona makoma a njerwa zobowola, zolowetsa mphepo koma zokaniza dzuwa. Nyumba zambiri n'zopyapyala, kotero kuti banja lililonse lili ndi zenera kutsogolo ndi lina kumbuyo, ndipo mukatsegula onse awiri mphepo ya kunyanja imalowera pabalaza n'kutulukira kukhitchini. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa inu. Agogo anu ankatulutsa denga la udzu kuti lipitirire khoma n'kupanga khonde, kuti dzuwa ndi mvula zisamenye chipupa. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Maputo khondelo analisanja ka 10 kapena ka 12.

Dzina limene limamveka kwambiri pa nkhaniyi ndi la Amâncio Guedes, wodziwika kuti Pancho, amene anabadwa mu 1925 n'kumwalira mu 2015. Ndiye anajambula nyumba yosanja ya Tonelli, komanso ina yaifupi imene anthu amaitcha O Leão Que Ri, ndiye kuti mkango woseka, zonse za m'zaka za m'ma 1950. Iyeyu ankafuna kuti wojambula nyumba akhale ndi ufulu wofanana ndi wa wojambula zithunzi, ndipo nyumba zake zimaoneka ngati zosemedwa ndi dzanja, zina zili ndi mano, zina zili ndi mimba. Ndi yemweyu amene anathandiza Malangatana adakali mnyamata wongoyamba kujambula. Mnzake wina, Alberto Soeiro, anajambula nyumba ya Montepio, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la TAP, yokhala ndi khoma lalikulu lokongoletsedwa kuchokera pansi mpaka pamwamba. Nyumba zimenezi munthu amazizindikira ali patali, monga mmene mumazindikirira phiri la kwanu. Mpaka lero ophunzira za kamangidwe amachokera kunja kudzaziona.

Koma musanawombe m'manja, zungulirani kuseri. Kumeneko mupeza masitepe ena, opapatiza, a antchito. Nyumba ya Montepio ija ili ndi makonde oyendamo a mitundu iwiri, ena a eni nyumba, ena a antchito, kuti bwana ndi womuphikira asagundane mapewa. Padenga kapena kumbuyo kwa nyumba zambiri kuli tizipinda totchedwa dependência, tongokwana bedi limodzi, mmene ankagona wophika ndi wochapa. Tsankho la nthawi ya atsamunda linalembedwa m'malamulo, linalembedwanso mu simenti. Munthu wa ku Macanga akanafika pa nyumba ngati imeneyi mu 1960, khomo lake likanakhala lakumbuyo. Ndipo tizipinda ta antchito tija ndi timene lero amachita lendi ana asukulu ochokera kutali. Choncho mukamva wina akulira kuti mzinda unali wokongola kale, mufunseni kuti kalelo iyeyo akanalowera khomo liti. Luso lotchinga dzuwa ndilo tiyenera kutola pa nyumba zimenezi. Masitepe awiri aja akhale umboni chabe.

Pali bodza lina limene limayenda ndi nkhaniyi, loti nyumbazi zinali bwino mpaka pamene anthu akuda analowamo. Mbiri yake ili motere. Pa 3 Febuluwale 1976 Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nyumba za lendi ndi zosiyidwa ndi amene anathawa zikhala m'manja mwa boma. Mabanja amene ankakhala m'nyumba za bango kunja kwa mzinda anakwera m'nyumba za simenti, ndipo chimenecho chinali chilungamo. Boma linakhazikitsa bungwe la APIE kuti lizitolera lendi ndi kukonza zowonongeka. Lendi inali yotsika, amisiri ambiri odziwa zikepe ndi mapampu anali atachoka, zipangizo zake zinkafuna ndalama zakunja, kenako kunabwera nkhondo ya zaka 16. Inu a kumapiri kuno ambiri munathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, pamene anzanu a zigawo zina anathawira m'mizinda, ndipo nyumba yojambulidwira anthu anayi inalandira anthu 12. Mipope yake sinakule. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kugulitsa nyumbazi kwa okhalamo, ndipo aliyense anagula zipinda zake. Koma denga, thanki, pampu, chikepe ndi masitepe zinakhala za onse, ndipo cha onse chimachedwa kupeza wochilera.

Nkhani imeneyi inu mukuidziwa kuposa anthu a ku Polana. Mjigo wa m'mudzi mwanu umatunga madzi malinga ngati komiti ikutolera ndalama mwezi ndi mwezi, msungichuma ndi wokhulupirika, ndipo pali munthu wodziwa kusintha labala. Banja limodzi likayamba kukana kusonkha, ena amatsatira, ndipo chaka chisanathe amayi abwerera kudambo. Nyumba yosanja ndi mjigo waukulu umene anthu amagonamo. Lamulo lilipo, Decreto 17/2013, limene limanena za condomínio, ndiye kuti mgwirizano wa eni zipinda m'nyumba imodzi: azikumana, asankhe woyang'anira, ndipo aliyense azisonkha gawo lake la zokonzera. Koma wokhala pansi amati chikepe sachikwera, wokhala pakati amati denga silidonthera iye, ndipo wokhala pamwamba amatsala yekha ndi mabeseni.

Taonani mmene madzi amayendera. Nsanjika imodzi ndi yaitali pafupifupi mamita 3, choncho nsanjika 10 ndi mamita 30. Madzi a m'mipope ya mumsewu nthawi zambiri alibe mphamvu yokwera pamenepo okha. Amathiridwa kaye m'thanki yapansi, pampu ya magetsi n'kuwakankhira m'thanki ya padenga, kenako amatsika okha m'nyumba. Pampu ikapsa kapena magetsi akazima kwa nthawi, thanki ya padenga imauma, ndipo chimbudzi chogejemula chopanda madzi n'choipa kuposa cha dzenje. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Werengani nokha maulendo amene mtsikana wantchito kapena mwana wa m'nyumbamo amayenda patsiku kukafika nacho pa nsanjika ya 9. Tikamakangana za kukongola kwa nyumba, msana wa mtsikana ameneyu uzikhala nawo pa mkanganowo.

Amene anafikapo ku Beira anaona kumene njira imeneyi imathera. Grande Hotel inatsegulidwa mu 1955 ngati hotela yapamwamba koposa, ndipo mu 1963 inali itatsekedwa kale chifukwa ndalama zoiyendetsera zinkaposa zimene inkapeza. Onetsetsani chaka chimenecho: inagwa atsamunda adakalipo. Lero mukukhala anthu oposa chikwi, opanda madzi a m'mipope, matabwa apansi anasanduka nkhuni, ndipo mitengo yamera m'makoma. Ku Maputo, hotela ya Quatro Estações inasiyidwa isanathe pa nthawi ya ufulu, inaima ngati chigoba m'mphepete mwa nyanja zaka zoposa 30, mpaka anaigwetsa ndi mabomba pa 31 Malichi 2007. Nyumba ya 33 Andares inali ndi mwayi: inayambidwa ufulu usanabwere, inamalizidwa pambuyo pake, ndipo inakhala yaitali koposa m'dziko muno kwa zaka zambiri. Zonsezi zinamangidwa ndi konkire yolimba. Chimene chinasiyanitsa tsogolo lake ndi kupezeka kwa munthu wolipira ndi wokonza.

Tsopano tibwere kwa zatsopano. Ndalama za malasha, za gasi ndi za ngongole zitayamba kuyenda, makamaka pakati pa 2008 ndi 2015, nyumba zazitali zinaphuka pa Avenida Julius Nyerere ndi m'mphepete mwa nyanja ku Maputo. Nawonso mzinda wa Tete, migodi ya ku Moatize itatsegulidwa, unaona mahotela ndi nyumba zosanja zimene sunazionepo, lendi n'kukwera mpaka eni mzinda kusowa pokhala. Zambiri mwa nyumba zatsopanozi zavala galasi lobiriwira kapena lamtambo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pa chithunzi zimaoneka bwino kwambiri, ndipo usiku zikayaka munthu amati wafika ku Dubai. Vuto lake n'lomwelo. Nyumba imeneyo ikhoza kukhala ku Dubai, ku Luanda kapena ku Shanghai, chifukwa palibe chimene chikusonyeza kuti woijambula anafunsapo kumene dzuwa la kuno limatulukira.

Galasi limalowetsa kutentha koma silikutulutsa msanga. Munasiyapo galimoto padzuwa mazenera ali otseka, kapena munakhalapo m'chapa yodikira anthu pa siteji ya ku Tete mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40? Chipinda cha khoma lagalasi loyang'ana kumadzulo chimakhala choncho masana onse. Kuti munthu apume, makina oziziritsira ayenera kulira usana ndi usiku, ndipo mita ya Credelec imathamanga ngati yaona mkango. M'nyumba zina mazenera satseguka n'komwe, kapena amangotseguka kampata. Magetsi akazima, nyumba yakale ija imakhala yovuta kukwera koma yotheka kugonamo, chifukwa mphepo ikudutsa. Yagalasi imasanduka uvuni. Ife a chigawo cha Tete tili ndi Cahora Bassa pakhomo, komabe palibe amene sadziwa kandulo. Anthu a ku Beira anaziona zonse namondwe Idai atawomba usiku wa pa 14 Malichi 2019: magalasi anasweka, madenga anauluka, ndipo mzinda unakhala masiku ambiri wopanda magetsi. Muyeso wanga wa luso ndi umenewu. Nyumba yojambulidwa bwino imakhalabe nyumba tsiku limene makina ake onse aima.

Otsutsana nane ali ndi mfundo, ndipo zina n'zolemera. Nyumba zatsopano zomangidwa motsatira malamulo zili ndi mawaya atsopano, mipope yosachita dzimbiri, jenereta, malo oimika magalimoto, zida zozimitsira moto, ndiponso njira yoti wa pa njinga ya olumala alowe popanda kunyamulidwa, chinthu chimene akale sanachiganizire kwenikweni. Nayonso konkire yakale ili ndi matenda ake. Chinyezi ndi mchere wa kunyanja zikalowa mpaka pa zitsulo za mkati, chitsulo chimachita dzimbiri, chimafufuma, n'kusuntha konkire mpaka zidutswa kugwera pamsewu. Khonde limene ndalitama lija, likakhala zaka 60 osakonzedwa, limatha kupha wodutsa. Zonsezi n'zoona. Koma onani kuti zabwino za nyumba zatsopano pafupifupi zonse ndi makina, ndipo makina amakalamba msanga kuposa khoma. Jenereta imafuna dizilo, chikepe chimafuna mmisiri, ndipo zonsezi zidzadalira komiti ya mjigo yomwe ija. Nyumba zakale taziona zili ndi zaka 60, zitadutsa m'nkhondo ndi mu umphawi. Zatsopano tikuziona zidakali pa ukwati.

Ena amati zatsopano n'zathu, zomangidwa m'dziko laufulu, zopanda tsankho. Mtengo wake ukamatchulidwa m'madola, mphunzitsi wa ku Chidzolomondo adzalowamo liti? Pachipata pali mlonda, ndipo pa mapulani a nyumba zambiri zodula mupezabe kachipinda kakang'ono kuseri kwa khitchini, ka mayi wantchito. Metikali itagwa mu 2016 chifukwa cha ngongole zobisika zija, alendo ambiri olipira m'madola anachoka, ndipo zipinda zina zinakhala zopanda anthu pamene mabanja ankathithikana m'mabairo.

Kunyezimira kumathanso kupha. Ku London kunali nyumba ya nsanjika 24 yotchedwa Grenfell Tower, yomalizidwa mu 1974, yokhalamo anthu wamba. Pofuna kuikonza ndi kuikongoletsa, anaikuta kunja ndi malata okhala ndi pulasitiki mkati. Pa 14 Juni 2017 moto unayamba m'khitchini ya banja limodzi, unatulukira pazenera, n'kukwera ndi chovala chatsopanocho mpaka pamwamba. Anthu 72 anafa. Nyumbayo inali ndi masitepe amodzi okha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malata onyezimira okutira makoma afika kale m'matauni athu, pa mabanki ndi pa masitolo, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa chimene chili mkati mwake.

Pali chinthu chimodzi chimene zakale ndi zatsopano zonse zinalephera, ndipo pamenepa mpamene mkangano wa ku Maputo umandichepera. Palibe mwa izo imene inajambulidwa poganizira mmene ife timakhalira. Khitchini yake ndi ya munthu wophika pa gasi kapena pa magetsi, wogula chakudya cha masiku awiri. Koma m'nyumbamo mukukhala mayi amene amaphika nyemba pa mbaula, ndipo mbaula yake amaiika pakhonde kapena pa masitepe, utsi n'kudetsa khoma, anzake n'kumamutcha wakumudzi. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha anthu ali m'tulo, choncho mayiyu akuchita mwanzeru poitulutsa. Wolakwa ndi amene sanamujambulire malo ake. Mtondo nawo ulibe pokhala. Mukasinja pa nsanjika ya 6, nyumba yonse imamva, ndipo wapansi panu amabwera kudzagogoda. Inu mukatumiza thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi lina la mbatatesi kwa mwana wanu, palibe nkhokwe, palibe kachipinda kosungira, matumbawo amagona pansi pa bedi. Mlendo wochokera kumudzi sabwera yekha ndipo sanena tsiku lobwerera. Zovala zimafuna poyanika, ana amafuna bwalo limene mayi angawaone ali pazenera.

Ndiye pali maliro. Kwathu kuno munthu akamwalira, mudzi wonse umasonkhana pakhomo, amayi mkati, abambo panja pamoto, usiku wonse. Pa nsanjika ya 8 anthu amenewa akhala pati? Bokosi silikwana m'chikepe cha anthu anayi, ndipo pa masitepe ena silitha kukhota popanda kuliimika. Wodwala wofunika kunyamulidwa pa machira, mayi amene matenda a uchembere amuyamba usiku chikepe chitafa, gogo amene watha miyezi osaponda nthaka chifukwa mawondo sakulola: amenewa ndi oweruza enieni a luso la nyumba, koma pa mpikisano wa zithunzi saitanidwa.

Nanga ife a kumapiri tifune chiyani? Ine ndikuti tikane nsanja zazitali, tikanenso kumwazika. Nyumba ya nsanjika 3 kapena 4 munthu amakwera ndi miyendo, sifuna chikepe, madzi ake amakwera ndi pampu yaing'ono imene ingayendere mphamvu ya dzuwa, ndipo amisiri athu akhoza kuikonza. Pa malo amene pakanakhala mabanja awiri pamakhala mabanja 8 kapena 12, munda wa pafupi n'kupulumuka. Nyumba zingapo zotere zikazungulira bwalo limodzi, pakati pamakhala mthunzi, mjigo, malo osinjira ndi ophikira, ndi malo okhazika anthu pa ukwati ndi pa zovuta. Okalamba ndi olumala apatsidwe zipinda zapansi. Si maloto akutali: ku Zimpeto, nyumba zimene anamangira ochita masewera a Africa mu 2011 n'zansanjika zochepa chotere, ndipo pambuyo pake munalowa mabanja.

Koma ngakhale nyumba zakale za ku Maputo zimene ndazitama zisakopedwe mwachimbulimbuli. Phunziro lake ndi loti woijambula anayang'ana nyengo ya malowo, ndipo nyengo yathu ndi ina. Ku Tsangano kumalimidwa tirigu chifukwa kumazizira. Mu Juni ndi Julayi mdani wanu ndi chisanu ndi nkhungu, ndipo nyumba ya njerwa zobowola imene imapulumutsa munthu ku Tete ikhoza kudwalitsa ana chibayo kuno. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho mazenera aakulu ayang'ane kumpoto kuti chipinda chiwothe masana, khoma lokhuthala n'kusunga kutenthako mpaka usiku. Denga litulukire ndithu chifukwa mvula yathu ndi yambiri. Pulani imodzi singakwanire Tete ndi Tsangano, ngakhale zonse zili m'chigawo chimodzi. Wina akabwera ndi pulani imene akuti yamangidwa kale m'zigawo zonse, chimenecho chikhale chifukwa choikayikira.

Kuti nyumba yatsopano imatha kukhala yoipa, sitifunika kupita kutali. Mabanja a ku Moatize amene anasamutsidwira ku Cateme mu 2009 ndi 2010 kuti apereke malo ku mgodi wa Vale analandira nyumba zatsopano zopakidwa utoto, koma pasanapite nthawi makoma anayamba kung'aluka, madenga kudontha. Mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji ya sitima za malasha kuti amvedwe. Zimenezo zinali nyumba zapansi, ndipo khoma long'aluka linapereka nthawi yodandaula. Nyumba yosanja yomangidwa mwachinyengo sipereka nthawi. Tikukhala m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene muli nyanja ya Niassa, dera la zivomezi. Cha ku Salima mu 1989 achikulire akuchikumbukira, ndipo cha ku Machaze mu Febuluwale 2006 chinatulutsa anthu m'nyumba zosanja za ku Beira ndi Maputo pakati pa usiku. Choncho kwa inu amene mwasiya zitsulo padenga la sitolo yanu: maziko amene anakumbidwira nsanjika imodzi sasenza zitatu chifukwa choti fodya wagulidwa bwino. Mmisiri wa m'mudzi akhoza kukhala waluso pa njerwa, koma kuwerengera kukula kwa zitsulo ndi mizati ndi ntchito ya injiniya. Simenti yochepetsedwa kuti thumba limodzi ligwire ntchito ya awiri siioneka pa tsiku lotsegulira. Ndipo zitsulo zosiyidwa pamvula zaka zisanu zimakhala zitadyeka kale pofika tsiku lozipitiriza.

Malamulo akupatsani poyambira. Gawo 91 la malamulo aakulu a dziko lino limanena za ufulu wa nzika wokhala m'nyumba yoyenera. Nthaka ndi ya boma, ndipo womanga ayenera kukhala ndi DUAT komanso chilolezo chomangira, chimene m'maboma ngati athu chimadzera ku ofesi ya mapulani ndi zomangamanga, SDPI. Lamulo 19/2007 la kakonzedwe ka malo limafuna kuti anthu amvedwe pamene boma likukonza pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka nthaka, ndipo muli ndi okuimirani m'makhonsolo a upangiri kuyambira ku localidade mpaka ku boma. Misonkhano imeneyi nthawi zambiri imatha ndi kuwomba m'manja chifukwa chithunzi chimene chapachikidwa n'chokongola, ndipo anthu amaopa kuoneka otsalira akafunsa za mbaula.

Funsani za mbaulayo. Funsani kuti magetsi akazima masiku atatu madzi adzafika bwanji pamwamba, ndipo pampu ikapsa ndalama yake idzachokera m'thumba la yani. Pemphani kuona dzina la injiniya amene wasayina mapulani, ndi pepala losonyeza kuti nthaka ya pamalopo inayezedwa. Moto ukayamba pa masitepe, njira yachiwiri yotulukira ili kuti? Mazenera akuyang'ana mbali iti, ndipo chifukwa chiyani? Amayi ndiwo afunse kwambiri, chifukwa ndiwo adzasenze chigubu. Pomaliza funsani ngati bokosi la maliro lingakhote pa masitepe anthu anayi atalinyamula chogoneka. Wobwera ndi mapulani akayamba kuseka, mubwerekeni tepi yake, mupite kwa kalipentala wa pamsika mukayeze bokosi la munthu wamkulu, kenako mubwerere mudzayeze naye limodzi pokhotera masitepe pa pepala lakelo.